Misewu Yosaoneka Pamwamba pa Shire

Chigwa cha Shire, kuyambira pamene mtsinjewo utuluka m'nyanja ya Malombe mpaka kukafika ku Matope, chakhala njira ya apaulendo kwa zaka zambirimbiri. M'menemo munadutsa amalonda a minyanga ya njovu, munadutsanso sitima za pamadzi za amishoni ndi za kampani ya Mandala, zimene zinkanyamula katundu pa Matope kupita naye kunyanja. Pambuyo pake panadza njanji. Ya ku Salima, yodzera pa Balaka, inatsegulidwa mu 1935, ndipo ya ku Nacala, imene ipatukira pa Nkaya nioloka Shire pa Liwonde kukatulukira pa Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970. Njira zonsezi zinali zooneka ndi maso. Zinkadya minda ndi kusamutsa nyumba, ndipo munthu wodandaula ankadziŵa poloza chala.

Koma pali msewu wina umene ambiri mwa omvera a ku Machinga ndi ku Balaka anauonapo chizindikiro chake chokha, ndicho mzere woyera uja umene ndege zikuluzikulu zimasiya kumwamba m'nyengo yachisanu. Munthu atatenga mapu ndi kulemba mzere wowongoka kuchokera ku Johannesburg kupita ku Dar es Salaam, adzaona kuti ukudutsa chapafupi ndi Balaka. Misewu yotere ili ndi maina, ili ndi malire, ili ndi eni ake oiyang'anira, ndipo imasinthidwa nthaŵi ndi nthaŵi. Nkhani ya lero ndi ya m'mene imasinthidwira: amafunsidwa ndani, ndipo amene afunsidwawo akayankha, akuluakulu oyang'anira za ndege amatani nawo mayankhowo.

Mu 1928, pamene Sir Alan Cobham anatera pa nyanja ya Nyasa ndi ndege yake yotera pamadzi, pa ulendo wozungulira Africa wofufuza njira, mlandu wa mwini thambo unali utagamulidwa kale kutali. Maiko amene anapambana nkhondo yoyamba ya dziko lonse anagwirizana ku Paris mu 1919 kuti dziko lililonse ndilo mwini mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Popeza Nyasaland inali m'manja mwa Angerezi, thambo lake nalonso linali la Angerezi. Mu 1931 kampani ya a Christowitz inayamba kuulutsa kandege pakati pa Blantyre ndi Beira. Ntchitoyo inadzaloŵa m'manja mwa Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo mu 1946 panabadwa Central African Airways. Kuyambira mu 1949 mpaka 1950 ndege zotera pamadzi za BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wao wa pakati pa England ndi South Africa. M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, nkhani za ndege zinali pansi pa boma la chitaganyalo, kotero kuti zonse zinkalamulidwa ku Salisbury. Nthaŵi yonseyi munthu wa ku Kasupe, monga linkatchedwera boma la Machinga kale, anali woonerera chabe. Balaka panthaŵiyo inali mbali ya boma lomwelo, pakuti inadzaima payokha mu 1998.

Ufulu wa 1964 unabweretsa mbendera ndi nyimbo ya fuko, komanso unabweretsa udindo umene anthu saukumbuka kaŵirikaŵiri. Malaŵi analoŵa m'bungwe la maiko onse loona za ndege, la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Ndege za dziko lino zinapatsidwa chizindikiro chao cha 7Q, ndipo Air Malawi, imene inayamba mu 1964 monga nthambi ya Central African Airways, inaima payokha mu 1967. Bungwe la ICAO linachokera m'pangano la ku Chicago la pa 7 Disembala 1944, ndipo ndime yoyamba ya panganolo ibwereza mfundo ya ku Paris ija. Tsono dziko laling'ono ngati Malaŵi linakhala ndi mpando wake ndi liu lake pa bwalo limodzi ndi maiko akuluakulu.

Kafunsidwe ka maganizo pa bwalo limenelo nkoyenera kukamvetsa bwino, chifukwa nkosiyana ndi ka bwalo la kwa mfumu. Akatswiri akaganiza zosintha lamulo, kalata imapita ku boma lililonse, ndipo boma limapatsidwa miyezi ingapo kuti liyankhe: kaya livomereza, kaya livomereza koma ndi mau ena, kaya likana. Akatswiri aja amaŵerenga mayankho onse, nakonza pofunika kukonza, kenaka khonsolo ya bungwelo imavota, ndipo pamafunika magawo aŵiri mwa atatu kuti lamulo lidutse. Ngakhale litadutsa, likhoza kufa ngati maiko oposa theka alembanso kuti salifuna. Komanso ndime 38 ya pangano lija imalola dziko limene silingathe kutsata lamulo lina kuti linene poyera kusiyana kwake, kuti oyendetsa ndege a maiko ena adziŵiretu. Njira za m'chigawo chimodzi, monga cha Africa ndi nyanja ya Indian Ocean, zimakambidwa pa misonkhano ya chigawo, mothandizidwa ndi ofesi ya ICAO ya ku Nairobi. Pa misonkhanoyo pamakhala maboma, makampani a ndege, ndi mabungwe a oyendetsa ndege ndi a owongolera ndege ali pansi.

Dongosolo limeneli ndi labwino ndithu, koma lili ndi kufooka kuŵiri. Kalata yochokera ku Montreal imafuna munthu wophunzira woti aiŵerenge ndi nthaŵi yoti aiyankhe, ndipo dziko limene akatswiri ake ndi oŵerengeka, amenenso ali otanganidwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku pa bwalo la ndege, likhoza kungokhala chete. Tsono chete wotere samuŵerengera ngati kukana. Kufooka kwina nkwakuti dongosololi limayembekeza kuti boma limene lasaina ndilo likulamuladi pansi. Chaka cha 1987 chinaonetsa zimene zimachitika pamene chiyembekezo chimenechi chalephera.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo bwalo lalikulu la ndege la Kamuzu litatsegulidwa mu 1983, ulendo wa pakati pa Chileka ndi Lilongwe unasanduka waukulu koposa mwa maulendo a m'dziko muno. Apa mapu ali ndi msampha. Woyenda pa galimoto akachoka ku Blantyre amakhotera ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo pa mtunda wautali msewu umayenda m'malire enieni, dzanja lina Malaŵi, dzanja lina Mozambique. Ndege ilibe chifukwa chokhotera. Ikawongoka, imadutsa pamwamba pa Angonia, m'chigawo cha Tete, isanaloŵenso m'dziko muno. Pa nthaŵi ya mtendere zimenezi zimatheka ndi kumvana kwa maboma aŵiri ndi kulankhulana kwa nsanja zao. Koma m'zaka zimenezo ku Mozambique kunali nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Sitima ya ku Nacala inaleka kufika kudoko mu 1984, othaŵa nkhondo anali kuloŵa m'dziko muno mpaka chiŵerengero chao chinadzafika pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ubale wa maiko aŵiriŵa unali pa moto, makamaka Pulezidenti Samora Machel atafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986.

Pa 6 Novembala 1987 ndege yaing'ono ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan, imene inanyamuka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, inawomberedwa pafupi ndi tauni ya Ulongwe, ndipo anthu onse khumi amene anali m'menemo anafa. Omvera a kwa Kalembo asasokonezeke: si Ulongwe wa ku Balaka, wa pa msewu wa ku Mangochi, koma mnzake wa dzina lomwelo wa ku Angonia. Komabe Ulongwe ndi Ulongweyu ali ndi phunziro la mapu. Ndege imene ifuna kuchoka ku Chileka kukafika ku Lilongwe osatuluka m'thambo la Malaŵi iyenera kukhotera chakum'maŵa, mbali ya Balaka ndi Ntcheu, ndipo ulendo umatalikirapo, mafuta nawo amapita ambiri. Kampani iliyonse ya ndege ikafunsidwa imapempha njira yaifupi. Woyang'anira ndiye ayenera kuyesa pempholo pa sikelo imodzi ndi zimene akudziŵa za pansi, ndipo zimene zili pansi m'dziko la eni sangazidziŵe popanda kufunsa eni akewo. Akale anati safunsa anadya phula; kuno koma wofunsidwayo anali boma limene linali pa nkhondo m'dziko lake lomwe.

Chomvetsa chisoni nchakuti lamulo loletsa zimenezi linali litalembedwa kale. Asilikali a Soviet Union atagwetsa ndege ya Korean Air Lines pa 1 Seputembala 1983, ndi kupha anthu 269, maiko anakumana ku Montreal mu Meyi 1984 naonjezera ndime yatsopano m'pangano la ku Chicago, yonena kuti dziko lisagwiritse ntchito zida pa ndege ya anthu wamba imene ili m'mwamba. Pa msonkhanowo onse anavomera. Koma kuti ndimeyo igwire ntchito panafunika kuti maboma okwanira aitsimikize kwao, ndipo chiŵerengerocho chinakwana mu 1998, patapita zaka 14. Pofika nthaŵi imeneyo nkhondo ya ku Mozambique inali itatha kale ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992.

Nkhani yotsatira ndi yosangalatsako, chifukwa ikuonetsa oyang'anira akumvera. M'zaka za m'ma 1990 oyendetsa ndege zikuluzikulu ankadandaula kwambiri za thambo la Africa. M'madera ambiri mawailesi a pansi sankamveka, ndipo uthenga wonena kuti ndege yakutiyakuti ikubwera sunkafika ku nsanja yotsatira. Oyendetsawo ankadziteteza okha polengeza pa wailesi dzina la ndege yao, pamene ali ndi kutalika kwao, kuti mnzao aliyense wapafupi amve. Mu 1996 bungwe lao la dziko lonse linanena poyera kuti mbali yaikulu ya thambo la Africa inali yopereŵera koopsa. Chaka chotsatira, pa 13 Seputembala 1997, ndege ya asilikali a Germany ndi ya asilikali a America zinawombana pamwamba pa nyanja kufupi ndi gombe la Namibia, pa mapazi 35,000, ndipo anthu 33 anafa.

Pa nthaŵi yomweyo maiko ena anali kusintha kagaŵidwe ka thambo. Ndege zikuluzikulu zimakonda kuuluka pakati pa mapazi 29,000 ndi 41,000, chifukwa kumeneko mpweya ndi wopepuka ndipo mafuta sapita ambiri. Pofuna kumvetsa kutalika kumeneku, munthu aganizire nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002, naisanjikize katatu. Pamenepo ndiye wafika poyambira. Kale ndege ziŵiri kumeneko zinkasiyana ndi mapazi 2,000, wina pamwamba wina pansi, kotero kuti mashelefu oulukamo anali asanu ndi aŵiri okha. Zida zoyezera kutalika zitakhala zodalirika, anaganiza zochepetsa mpatawo kukhala mapazi 1,000, pafupifupi mamita 300, kuti mashelefu afike 13. Pamwamba pa nyanja ya Atlantic anayamba mu 1997, ndipo ku Ulaya mu 2002.

Makampani a ndege ankafuna kuti Africa nayo ichite msanga, pakuti shelefu iliyonse yoonjezera ndi mafuta opulumuka. Koma mpata ukachepa, cholakwa chaching'ono chimasanduka maliro. Oyendetsa ndege anakumbutsa za mawailesi aja, ndipo akatswiri oŵerengera ngozi anapeza kuti ndege zopezeka pa shelefu yolakwika zinali zochuluka kuposa muyeso wovomerezeka. Oyang'anira a chigawo sanakane kusinthako, sanakakamizenso tsiku limene analengeza poyamba; analisuntha kangapo. Dziko lililonse, kuphatikizapo Malaŵi, linayenera kulemba ndondomeko yake ya chitetezo, kuphunzitsa owongolera ndege, kutsimikiza kuti ndege zake zili ndi zida zoyenera, ndi kulemberana mapangano ndi nsanja za maiko oyandikana nalo. Ku Johannesburg kunakhazikitsidwa ofesi yosunga kaundula wa ndege zovomerezeka ndi wa zolakwa zonse. Kusinthako kunachitika pa 25 Seputembala 2008, m'chigawo chonse tsiku limodzi, chifukwa ndege yochokera ku Beira singasinthe malamulo pofika pa Nayuchi ngati sitima yosintha woyendetsa. Tsiku limenelo alimi a kwa Nsamala anali kusosa minda yao monga mwa nthaŵi zonse, osadziŵa kuti misewu ya pamwamba pao yachuluka pafupifupi kaŵiri, ndipo kunena zoona panalibe chowakhudza.

Pali maganizo ena amene sanayende chotero. Mabungwe a SADC ndi COMESA akhala akukambirana kwa zaka zambiri zoti thambo lapamwamba la maiko ao liziwongoleredwa pamodzi, m'malo moti dziko lililonse likhale ndi kachigawo kakekake. Kwa dziko lopyapyala ngati Malaŵi, limene ndege yothamanga imalidutsa chopingasa m'mphindi zoŵerengeka, nzeru yake ndi yoonekeratu. Koma ndege iliyonse yodutsa imalipira msonkho wa ntchito ya owongolera, ndipo ndalama imeneyo ndi yakunja. Asilikali nawo safuna kuti thambo la dziko lao liziyang'aniridwa kuchokera kwina. Pa misonkhano maboma amayamikira mfundoyo, koma pofika pa funso la kumene likulu lidzakhale ndi m'mene ndalama zidzagaŵidwire, mayankho amachedwa. Chigawo cha thambo la Malaŵi chikadali ndi dzina la Lilongwe.

Tsono thambo limene limakhudza anthu a ku Machinga ndi Balaka mwachindunji ndi lapansi, losapitirira nsonga za mapiri a Chikala ndi Chaone. Madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta ali m'gulu la malo oŵerengeka a kuno kum'mwera kwa Africa kumene dzombe lofiira limaswanirana. Mliri waukulu wa dzombeli, wa 1930 mpaka 1944, unachititsa maiko kukhazikitsa bungwe lolimbana nalo ku Abercorn, kumene lero kutchedwa Mbala, mu 1949. Bungwe limene linaloŵa m'malo mwake mu 1970 lili ndi likulu lake ku Ndola m'dziko la Zambia. Ntchito yake imadalira ndege ndi helikopita zouluka pansi kwambiri, zoŵerenga dzombe ndi kulipopera mankhwala, pakuti m'madambo amenewo galimoto siloŵa. Dzombe silidziŵa malire, ndipo madambo a Chiuta amapitirira mpaka ku Mozambique, kotero kuti chilolezo cha ndege chimafunika mbali zonse ziŵiri. Koma pansi pa ndegezo pali asodzi a chambo, matemba ndi milamba, pali oŵeta ng'ombe, pali alimi a mpunga, ndiponso pali amayi amene kwa iwo dzombe ndi ndiwo. Chilolezo chochokera ku likulu chimanena kuti ndege iuluke. Sichifikira mayi wa kwa Ngokwe kumuuza kuti dzombe la sabata lino asatole. Uthenga umenewo umayenda ndi alangizi a zaulimi, mafumu ndi wailesi.

Ku nkhalango ya Liwonde nako phokoso la m'mwamba linachuluka bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowo mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo helikopita ndiyo inkazikusa ndi kuzilasa mankhwala ogonetsa.

Chatsopano kwenikweni ndi tindege topanda woyendetsa, timene ambiri amatitcha madroni. Mu Malichi 2016 boma ndi bungwe la UNICEF anayesa ku Lilongwe kuona ngati tindegeti tingathe kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV kuchokera ku chipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central Hospital. Mu Juni 2017 anatsegula malo oyeserapo ku Kasungu, ozungulira bwalo la ndege la kumeneko pa mtunda wa makilomita 40 mbali zonse, oyamba a mtundu umenewu mu Africa pa ntchito zachifundo. Kumeneku kunali kusintha kagaŵidwe ka thambo kumene dipatimenti ya boma yoona za ndege sinakadakuchita ndi kalata ya ku Montreal yokha. Kandege kouluka pamwamba pa madenga, kokhala ndi kamera, kamaona m'mipanda ya anthu ndi kumanda, ndipo kamatera pabwalo pamene ana akuseŵera. Pachifukwa chimenechi oyendetsa ntchitoyi anayamba ndi kufotokozera mafumu ndi anthu a m'midzi ndi kuwaonetsa kandegeko ndi maso.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka miyezi yochepa pambuyo pake. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, tsidya la kum'mwera kwa nyanja ya Chilwa, nizifalikira m'maboma ena. Anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'maboma aŵiriwo. Mphekeserazo sizinayambe chifukwa cha madroni. Koma aliyense akhoza kuganiza chimene chikadachitikira mnyamata wotsitsa kandege konyamula magazi m'mudzi umene sunauzidwe kanthu, ngakhale m'thumba mwake mutakhala chikalata chodinda bwino cha ku likulu. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ndege, lokhazikitsa bungwe loima palokha loti litenge udindo woyang'anira umene unali m'manja mwa dipatimenti ija. Bungwe lotere limayesedwa ndi ICAO pa ziphaso, pa zida ndi pa maphunziro a antchito ake. Muyeso wa m'mene limamvera anthu a pansi ndi wovutirapo kuulemba, ndipo nchifukwa chake ndi wosavuta kuuiŵala.

Chigamulo chikapangidwa, chimalengezedwa m'njira imene maiko onse anagwirizana. Kusintha kwakukulu kwa njira za ndege kumayamba kugwira ntchito pa masiku okhazikika amene amabwera pa masiku 28 alionse, tsiku lofanana dziko lonse lapansi, ndipo uthenga wake umatumizidwa milungu isanu ndi umodzi lisanafike tsikulo, kuti mapu a m'ndege zonse asinthidwire pamodzi. Za kanthaŵi kochepa, monga kupopera dzombe kapena kuyesa droni, zimalengezedwa ndi chidziŵitso chachifupi chotchedwa NOTAM. Chidziŵitsochi chimalembedwa m'Chingerezi chodulidwadulidwa. Malo sawatchula kuti kwa Mposa kapena kwa Kawinga, koma ndi manambala a pa mapu, ndipo nthaŵi yake ndi ya ku Greenwich, imene ili m'mbuyo ndi maola aŵiri poyerekeza ndi ya kuno. Chikanena kuti ndege iyamba kuuluka pansi nthaŵi ya 0400, pa doko la Mposa imakhala 6 koloko m'maŵa, pamene asodzi akukocheza mabwato ao ndipo ogula nsomba afika kale ndi njinga zao.